Ulemu kwa munthu amene anasiya thengo likhale thengo: nkhani ya Ian Player ndi Magqubu Ntombela

Mu Novembala 2019 ndege yonyamula katundu inatera ku Lilongwe ili ndi zipembere 17 m'mabokosi. Zinachokera ku KwaZulu-Natal, ku South Africa, ndipo ulendo wake unali wa ku Liwonde. Zisanakwere ndege zinayamba zakhala masabata angapo m'makola a ku paki ya iMfolozi kuti madokotala a nyama atsimikize kuti zilibe matenda. Ambiri a ife tinachita chidwi ndi kulemera kwa katunduyo, dzina la iMfolozi n'kungotidutsa m'khutu. Chikhalirecho kumeneko ndi kumene luso logwira chipembere chamoyo n'kuchisamutsa linakhwimira, zaka pafupifupi 60 ndegeyo isanatere.

Dzina lomwe limatchulidwa nkhaniyi ikamakambidwa ndi la a Ian Player, omwe anamwalira pa 30 Novembala 2014 ali ndi zaka 87, atalandira mamendulo ndi madigiri aulemu. Munthu akamva kuti wina walemekezedwa chifukwa moyo wake wonse anathera pa kuteteza thengo, amafunsa kuti: ndiye anachita chiyani? Funsolo si lachibwana. Womanga chipatala timamuonera nyumba, wokumba mjigo timamuonera madzi. Koma uyu mbali ina ya ntchito yake inali yoonetsetsa kuti pamalopo pasamangidwe kanthu. Kuti timvetse ulemu wotere, pali mawu angapo ofunika kuwamasula.

Anthu ake anali awiri

A Player anabadwira ku Johannesburg mu 1927. Okonda masewera a gofu amadziwa mng'ono wawo, a Gary Player. Ali ndi zaka 17 analowa usilikali n'kukamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ku Italy. Atabwerako anagwirako ntchito m'migodi, ndipo mu 1951 anayambitsa mpikisano wopalasa mabwato kuchokera ku Pietermaritzburg kukafika ku Durban, womwe mpaka lero ukuchitika pa dzina la Dusi. Mu 1952 analembedwa ntchito ya ulonda wa nyama ku bungwe la Natal Parks Board.

A Magqubu Ntombela anali Mzulu, wobadwa cha m'ma 1900, ndipo pamene a Player ankayamba ntchito, iwo anali atalondera kale nyama m'dera la iMfolozi zaka zoposa 30. Sankalemba kapena kuwerenga, Chingerezi sankalankhula. Koma mapazi a nyama, kulira kwa mbalame, mayina a mapiri ndi mbiri ya mafuko omwe anakhalapo m'zigwa zimenezo zinali kumutu. Pa malamulo a tsankho a nthawi imeneyo, mzungu wachinyamatayo ndiye anali bwana, mkuluyo n'kukhala wantchito. Mpaka imfa yawo a Player ankanena poyera kuti mphunzitsi wawo anali a Ntombela. Anayenda limodzi zaka pafupifupi 40, kufikira a Ntombela atamwalira mu 1993.

Mawu ovuta kuwamasulira

Pachingerezi chinthu chomwe a Player ankamenyera amachitcha wilderness. M'Baibulo mawu amenewa timawapeza ngati chipululu, ndipo ife tikamva chipululu timaona mchenga ndi ludzu. Si zimenezo. Tikati thengo kapena tchire tayandikira, komabe thengo lathu timalowamo kukatola nkhuni, kukazula bowa, kukadyetsa mbuzi. Oteteza zachilengedwe akamatchula mawuwa amatanthauza chinthu chokhala ndi malamulo ake: dera lalikulu lomwe mulibe msewu, mulibe nyumba, galimoto sililowa, ndipo munthu amalowamo wapansi n'kutulukamo osasiya kanthu.

Choncho si malo onse osungirako nyama omwe ali otero. Ku Liwonde kapena ku South Luangwa kuli misewu, malo ogona alendo, magalimoto oyendetsa anthu kukaona njovu. Zonsezo ndi zololedwa m'paki. Dera lomwe tikunenali limakhala chigawo cha mkati chomwe ngakhale alonda eniake amayendamo ndi miyendo.

Ganizoli m'maonekedwe ake a lamulo linachokera ku America. Mu 1924, potsatira pempho la a Aldo Leopold, dera la Gila ku New Mexico linapatulidwa kuti lisalowe misewu. Mu 1964 pulezidenti Lyndon Johnson anasaina lamulo la Wilderness Act, lomwe limafotokoza malo otere ngati kumene munthu ndi mlendo wosakhalitsa. Makolo athu akanangoti mlendo ndi mame. Amene analemba lamulolo, a Howard Zahniser, analimbana nalo zaka zisanu ndi zitatu, n'kumwalira kutatsala miyezi inayi kuti lisainidwe.

A Player anamva za ganizoli kwa mlonda mnzawo, a Jim Feely, yemwe ankawerenga mabuku a ku America. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 anakakamira mpaka akuluakulu awo anavomera kupatula chigawo cha iMfolozi, ndi china ku nyanja ya St Lucia. Awa amawerengedwa ngati madera oyamba a mtundu umenewu mu Africa. Lero paki ya Hluhluwe-iMfolozi ndi yaikulu mahekitala pafupifupi 96,000, kutanthauza kuti Liwonde ingalowemo pafupifupi kawiri, ndipo mahekitala pafupifupi 30,000 mwa amenewo ndi opanda msewu. Lamulo la South Africa la malo otetezedwa la 2003 limawazindikira madera otere.

Chofanizira chapafupi kwa ife ndi msitu wa kumanda. Mudzi ungathe mitengo yonse, mapiri n'kuyera, koma kumanda mitengo ili chiimire, chifukwa palibe amene amalowako ndi nkhwangwa mwachisawawa. Ku Nsanje nkhalango ya Khulubvi, komwe kuli kachisi wa Mbona, yasungika motero. Kusiyana kwake n'kwakuti msitu wa kumanda umatetezedwa ndi mwambo wa eni mudzi, pamene uku chimateteza ndi pepala la boma ndi mlonda wa mfuti. Kusiyana kumeneku tikumananakonso kutsogoloku.

Kuikiza zipembere

Mu Africa muli mitundu iwiri ya zipembere, yomwe azungu anaitcha choyera ndi chakuda, ngakhale kuti zonse ndi zotuwa. Siyanitsani ndi mlomo. Choyera chili ndi mlomo wotambalala, chimadya udzu mutu uli pansi ngati ng'ombe, ndipo champhongo chimapitirira matani awiri. Chakuda chili ndi mlomo wosongoka wothyolera masamba ndi timphukira. Zija zinabwera ku Liwonde ndi zakuda. Nkhani ya a Player ndi ya zoyera.

Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, alenje anali atazitha zipembere zoyera za kummwera moti zinatsala zosakwana 100, pafupifupi zonse pakati pa mitsinje iwiri ya Black Mfolozi ndi White Mfolozi. Malowo anakhazikitsidwa kukhala osungirako nyama mu 1895. Mtendere sunabwere pompo. Alimi a ng'ombe ankadandaula kuti nyama zakutchire ndizo zimasunga matenda a nagana, omwe amafalitsidwa ndi kashembe, ntchentche yomweyo yomwe imapatsa anthu kaodzera. Boma linalamula kupha nyama, ndipo zikwizikwi zinaomberedwa m'derali, makamaka m'zaka za m'ma 1940. Zipembere zokha anazisiya. Kashembeyo anadzatha ndi mankhwala a DDT opopera pa ndege.

Mu 1953 alonda anawerenga zipembere ali m'ndege n'kupeza 437. Zinali zitayamba kuchuluka, koma zonse zili malo amodzi. Mayi wodziwa kuweta nkhuku amaikiza zina kwa achibale a mudzi wina, kuti chitopa chikagwa kuno mbewu isathe. Ganizo la ntchito yomwe inatchedwa Operation Rhino, imene a Player ankaitsogolera, linali lomwelo. Vuto linali limodzi: chinyama cha matani awiri umachinyamula bwanji chili chamoyo?

Apa m'pamene analowa dokotala wa nyama, a Toni Harthoorn. Ankayesa mankhwala ogonetsa, kuwaika mu jakisoni wowombera ndi mfuti. Oyambawo ankachedwa kugwira. Mlonda ankakwawa mpaka kufika pafupi, mphepo ikuchokera kwa nyamayo kuti isamve fungo lake, n'kuwombera. Chipembere chikamva kulasidwa chinkaliyatsa liwiro kulowa m'minga, ndipo anyamata okwera pa akavalo ankachithamangira kuti chisawasowe, chifukwa chikakagwa chokha m'chigwembe kapena m'madzi, basi chafa. Akachipeza chikudzandira ankachiphimba kumaso, kuchimanga chingwe kumutu, kuchibaya mankhwala odzutsa pang'ono, kenako n'kuchikokera m'bokosi chikuyenda chokha ngati woledzera amene anzake akumuperekeza kunyumba. Zina zinafa m'manja mwawo asanapeze muyeso woyenera. Zinthu zinasintha atapeza mankhwala a M99, amphamvu kwambiri moti timadontho tochepa timagwetsa chipembere, ndipo dontho limodzi likhoza kupha munthu.

Mu 1961 zipembere zinayi zoyamba zinapita ku paki ya Kruger, komwe zinali zitatha kalekale. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 zoposa 1,000 zinali zitatumizidwa kumapaki ena, kumafamu, ndi kumalo oonetsera nyama ku Ulaya ndi ku America. Cha m'ma 2012 zipembere zoyera za kummwera zinali pafupifupi 20,000, zonse zochokera ku kagulu kaja ka ku iMfolozi. Kuti muone kulemera kwa nambalayi, yang'anani abale ake a kumpoto, omwe ankapezeka ku Congo, Sudan ndi Uganda. Champhongo chomaliza, chotchedwa Sudan, chinafa mu Malichi 2018 ku Kenya, n'kusiya zazikazi ziwiri zokha.

Lero akavalo analowedwa m'malo ndi helikopita, koma njira ndi yomweyo. Ndi imene inanyamula njovu 520 kuchoka ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota ndi ku Nyika mu 2016 ndi 2017.

Ulendo wapansi

Dera lopanda msewu likhoza kutha msanga ngati palibe amene akulidziwa, chifukwa tsiku lomwe wina adzafune kukumbamo mgodi sipadzapezeka wolilankhulira. A Player anaziona zimenezi. Mu 1959 iwo ndi a Ntombela anayamba kutenga anthu wamba kukayenda nawo m'thengomo, ndipo anakhazikitsa sukulu ya Wilderness Leadership School yomwe ilipo mpaka pano.

Kachitidwe kake n'kosavuta kufotokoza. Gulu limakhala la anthu osapitirira asanu ndi atatu, mlonda wa mfuti kutsogolo, wina kumbuyo, aliyense katundu wake kumsana. Mawotchi ndi mafoni amasiyidwa. Usiku amagona pamtetete m'mbali mwa mtsinje, opanda tenti, ndipo amalondera mosinthana: munthu mmodzi yekha ali maso pa kamoto kakang'ono, tochi m'manja, anzake ali mtulo, fisi akulira tsidya lina. M'mawa phulusa amalimwaza, malowo n'kuwasesa kuti wobwera pambuyo asadziwe kuti panagona anthu.

Munthu wokulira kumudzi akhoza kuseka kuti azungu amalipira ndalama kuti akagone panja, zomwe mlimi wa m'mphepete mwa paki amachita ulele akamalondera chimanga kuti njovu zisadye. Kusekako kuli ndi mfundo yake. Koma cholinga chinali anthu a m'tauni, ana asukulu, ndiponso akuluakulu a makampani ndi andale, amene tsiku lina adzakhale ndi cholembera m'manja. Pamene kampani ina inafuna kukumba mchenga wa miyala ya mtengo wapatali m'mbali mwa St Lucia, a Player anali m'gulu lotsutsa. Boma linakana mgodiwo mu 1996, ndipo mu 1999 deralo, lomwe pano limatchedwa iSimangaliso, linalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika pa dziko lonse. Ku chigwa cha Luangwa nako a Norman Carr anatchuka ndi maulendo apansi otere, atagwirizana ndi mfumu Nsefu mu 1950 kuti ipatule malo a nyama ndipo ndalama za alendo zizipita kwa anthu ake.

Kodi munalibe anthu?

Apa ndi pamene akatswiri amagawikana, ndipo nkhani yake ndi yolemera. Woyenda m'dera la iMfolozi amapeza mphero zakale, mapale, ndi mabwinja. Linali dziko la anthu a Mthethwa a mfumu Dingiswayo, kenako malo osakirako nyama a Shaka, ndipo maenje otchera nyama a nthawi imeneyo akuonekabe pafupi ndi pokumanira mitsinje iwiri ija. Mabanja ena anachotsedwa m'derali nthawi yolimbana ndi kashembe. Ku America nakonso, Yellowstone ndi Yosemite anali kwawo kwa anthu asanakhale mapaki.

Otsutsa amati: malo amene mukuwatcha osakhudzidwa ndi munthu munachita kuchotsamo anthu, ndiye kupanda anthuko ndi chinthu chopangidwa, si chachilengedwe. Amawonjeza kuti amene ankasangalala ndi maulendo apansi aja zaka zoyambirira anali azungu, pamene eni dziko akalowa ankatchedwa akuba nyama. Ogwirizana ndi a Player amayankha kuti mbiriyo saikana, ndipo a Ntombela ndiwo ankaifotokoza kwa alendo ali chiimire pa mabwinja omwewo. Amati funso la lero ndi lakuti pakanapanda mpanda ndi lamulo, pamalopo pakanakhala minda ya nzimbe kapena mgodi wa malasha, chipembere n'kukhala nyama ya m'nthano.

Mkanganowu si wachilendo kwa ife. Paki ya Nyika itakulitsidwa mu 1978 mabanja ambiri anasamutsidwa, ndipo zidzukulu zawo zimaikambabe nkhaniyo. Njovu 263 zitasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu mu 2022, alimi a mbali zonse ziwiri za malire a Malawi ndi Zambia anadandaula za minda yowonongeka ndi anthu ophedwa. Luso lomwe linapulumutsa chipembere ndi lomwelo limene limatula njovu pafupi ndi nkhokwe ya munthu.

Mendulo imapita kwa ndani

Ulemu wa ntchito ya moyo wonse umasiyana ndi mphotho ya mpikisano. Palibe chigoli chowerenga. Komiti imayang'ana zaka makumi angapo n'kufunsa kuti chikanasowa n'chiyani munthuyu akanapanda kukhalapo. A Player analandira, mwa zina, ulemu wa Order of the Golden Ark wa ku Netherlands ndi madigiri aulemu a mayunivesite a Natal ndi Rhodes. Phindu lake si chitsulo chopachika pachifuwa chokha. Dzina lolemekezeka limatsekula zitseko za maofesi a nduna ndi zikwama za opereka thandizo, moti mendulo imasanduka chipangizo chogwirira ntchito.

Chovuta n'chakuti pa mendulo pamalembedwa dzina limodzi. Operation Rhino inali ndi dokotala, okwera akavalo monga a Nick Steele, madalaivala, ndi alonda Achizulu ambiri omwe ankalondola mapazi ndi kukoka zingwe, amene mayina awo ambiri sanalowe m'mabuku. A Player anayesetsa kukonza zimenezi pamene akanatha. Msonkhano woyamba wa World Wilderness Congress, womwe unachitikira ku Johannesburg mu 1977, ankati ganizo lake linachokera kwa a Ntombela, omwe anawauza kuti aitanitse indaba, bwalo lalikulu la anthu onse omwe anayenda nawo. Tsankho lili pachimake, a Ntombela anaima pa nsanja n'kulankhula m'Chizulu kwa nthumwi za mayiko ambiri. Kwa ine, ichi chimalemera kuposa madigiri aja. Msonkhanowu unapitirira m'mayiko osiyanasiyana, ndipo wa 2024 unachitikira ku South Dakota, ku America, ochereza alendo ali anthu a mtundu wa Lakota.

Mphotho za masiku ano zasintha maonekedwe. Za bungwe la Tusk, zomwe zinayamba mu 2013, zili ndi gawo la ntchito ya moyo wonse komanso gawo la alonda a m'tchire. A Brighton Kumchedwa a ku nthambi yoona za nyama zakutchire ku Malawi analandira imodzi mu 2017, ndipo a Benson Kanyembo a ku South Luangwa analandira ya alonda mu 2019. Pa 31 Julaye chaka chilichonse pamakhala tsiku lokumbukira alonda, kuphatikizapo amene anafera pa ntchito.

Nyanga, ndi mafunso omwe akadalipo

Ntchito yomanga ikatha imatha. Iyi ayi. Mu 2007 ku South Africa kunaphedwa zipembere 13 mozembera. Mu 2014, chaka chomwe a Player anamwalira, zinaphedwa 1,215. Nyanga zake zimapita makamaka ku Vietnam ndi ku China, komwe ena amazigula ngati mankhwala kapena chizindikiro cha chuma, ngakhale kuti nyangayo ndi yopangidwa ndi zomwezo zomwe zimapanga zikhadabo ndi tsitsi lathu. Mu 2023, mwa zipembere 499 zomwe zinaphedwa m'dzikolo, 307 zinaphedwera ku Hluhluwe-iMfolozi, kwawo kwenikweni. Mu 2024 oyang'anira pakiyo anayamba kuzidula nyanga ndi macheka a injini, kuti wakuba asapeze chofera. Nyangayo imameranso, ndiye ntchitoyo ndi yobwereza.

Chakumapeto kwa moyo wawo a Player anadabwitsa anzawo ambiri pomwe ananena kuti malonda ovomerezeka a nyanga aganiziridwe. Pangano la CITES, loyang'anira malonda a nyama zakutchire, linaletsa malonda amenewa pakati pa mayiko mu 1977. Ofuna malondawo amati nyanga ikhoza kudulidwa nyama osafa, ndipo ndalama zake zingalipire alonda ndi kupindulira midzi yozungulira. Okana amati msika ukatsekulidwa ogula adzachuluka kuposa nyanga zomwe zilipo, ndipo zakuba zidzabisala pakati pa zovomerezeka. Mbali zonse zili ndi anthu omwe athera moyo wawo pa chipembere, ndipo sanagwirizanebe. Pali mkangano wofanana nawo pa ulenje wolipira, womwe unaloledwanso pa zipembere zoyera mu 1968. Ena amati ndiwo unapatsa eni mafamu chifukwa choziwetera, ena amati n'chinthu chosayenera kuchitira nyama yomwe yangopulumuka kumene.

Ndiye mafunso ndi awa. Ngati dera liyenera kukhala lopanda injini, koma zipembere zake sizingapulumuke popanda helikopita ndi macheka, lamulo liti ligonjere linzake? Chipembere chodulidwa nyanga, chokhala mu mpanda wa magetsi, chikadali chakutchire? Mdzukulu wa munthu amene anachotsedwa pamalopo ali ndi gawo lanji: ntchito ya ulonda, kachigawo ka ndalama za alendo, chilolezo chokamweta udzu ndi kukaona manda a makolo, kapena mpando pa bwalo lopanga ziganizo? M'chaka chawo chomaliza a Player ankatsutsa mgodi wa malasha womwe unkafuna kutsekulidwa pa malire enieni a dera lopanda msewu lija, m'dera lomwe achinyamata ambiri alibe ntchito. Tsiku lomwe pempho lotero lidzabwerenso, pamene a Player ndi a Ntombela onse kulibe, adzayankhe ndani, ndipo anthu a m'midzi yoyandikana nayo adzakhala mbali iti?